Timanambala ta pakona pa TV tija, komanso chifukwa chake boma la kuno silidula mafilimu

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Rosettenville. Dzina sinditchula koma nkhani yawo ndi iyi: mwana wawo wamkazi wazaka 10 wangobwera kumene kuno ku Joni kuchokera kwa agogo ake ku Mangochi, onse amagona chipinda chimodzi cha lendi ndipo TV ili kumiyendo kwa bedi. Tsiku lina itangokwana 9 koloko usiku panayamba filimu, pakona panaoneka 16 SNL, iwo sanalabadire, posakhalitsa anthu ali maliseche mwana akuonera. Akufunsa kuti zilembozi zimatanthauza chani, nanga bwanji boma la kuno silimangodula zolaulazi ngati mmene zinkakhalira kwathu?

Mayi, pepani kwambiri, manyazi a kholo pamaso pa mwana ndi owawa ndipo sindikukuonani olakwa ayi, ambiri a ife palibe anatikhazikapo pansi kutifotokozera zimenezi.

Tiyambe ndi nambala. Nambalayo ndi zaka, 16 akutanthauza kuti osakwana zaka 16 asaonere. Bungwe loyika misinkhu pa mafilimu kuno ndi Film and Publication Board, ambiri amangoti FPB, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Misinkhu yake imayambira pa A yomwe ndi ya aliyense, kenako PG kutanthauza kuti kholo likhale pompo, 7-9PG ndi 10-12PG (ana a zaka zimenezo aonere ali ndi wamkulu), 13, 16 mpaka 18. Zilembozo zimakuuzani chimene chili mkatimo. V ndi zachiwawa, L ndi kutukwana, N ndi maliseche, S ndi zogonana, D ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, P ndi tsankho, H ndi zoopseza zija mwana amalota nazo, ndipo mukaona SV dziwani kuti muli zogwiririra. Ndiye 16 SNL yanuyo inali itanena kale zonse, kungoti inanena mchizungu komanso mwachidule kwambiri.

Pa TV ma siteshoni amadziyikira okha misinkhu pa mapulogalamu awo potsata malamulo a owulutsa, n'chifukwa chake nthawi zina mupeza pa DStv alemba mosiyanako pang'ono ngati PG13. Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi nthawi. Pa ma siteshoni aulere ngati SABC ndi e.tv zinthu za akuluakulu zimaloledwa kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, pa zolipira ngati DStv zimayamba 8 koloko. Choncho filimu ija sinalowe mozemba, siteshoni inadikira ola lake. Lamulo limaganiza kuti pofika nthawi imeneyo mwana ali kuchipinda kwake wagona.

Apa ndi pamene ine zimandipweteka. Amene analemba lamuloli ankaona nyumba ya zipinda zitatu, balaza payekha, ana kwawo makolo kwawo. Ife ambiri ku Turffontein, Mayfair, Diepsloot, Yeoville tikukhala mu kachipinda kamodzi kapena kogawa ndi katani, bambo ali ku shifiti ya usiku akulondera, mayi afika 8 koloko atatopa ndi ntchito ya m'nyumba ya abwana ndi mizere ya mateksi, nthawi yokhayo yopumira ndi kuonera kanthu ndi yomweyo imene zolaula zimayamba, ndipo mwana ali pamphasa pomwepo maso ali gwa. Ndiye ndikumvetsa mukamati angodula basi.

Koma pa kudulako ndiye sindigwirizana nanu mayi, ndipo ndinena mosabisa. Kwathu lamulo lofufuza ndi kuletsa zosangalatsa linabwera mu 1968, ndipo Censorship Board inkadula mafilimu, kuletsa mabuku, magazini ngakhale nyimbo. Achikulire amakumbukira kuti nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa dzinalo ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Kodi pamenepo ankateteza mwana wa ndani? Jack Mapanje anamutsekera ku Mikuyu mu 1987 osazengedwa mlandu, anatuluka mu 1991, ndakatulo zake zitachotsedwa m'masukulu ndi m'mashopu. Wailesi ya kanema yeniyeniyo kwathu sinaliko mpaka 1999 pamene TVM inayamba. Kunonso zinali chimodzimodzi, boma la tsankho linakana TV mpaka 1976, zithunzi ndi mawu a Mandela zinali zoletsedwa, ndipo mu 1988 apolisi analanda filimu yonena za Steve Biko, yemwe ankalimbana ndi tsankho, tsiku lomwe inayamba kuonetsedwa. Lumo ukalipereka kwa boma kuti lidule kupsompsonana, mawa lomwelo lidula nkhani ya njala kapena ya katangale, maiko onse awiriwa anazionapo ndi maso.

N'chifukwa chake dziko lino litasintha mu 1994 anasankha njira yochenjeza m'malo moletsa, wamkulu aone zomwe akufuna, mwana atetezedwe ndi msinkhu ndi nthawi. Zoletsedweratu zilipo ndithu, monga zolaula zokhudza ana, zimenezo ndi ndende. Ndipo mkangano sunathe, mu 2018 filimu ya Inxeba yokhudza chinamwali cha Axhosa inali ndi 16, anthu atadandaula inakwezedwa kufika X18, msinkhu wa zolaula zenizeni, n'kuchotsedwa m'ma sinema, mpaka khoti lalikulu ku Pretoria linasintha chigamulocho. Ife a kwathu timadziwa kulemera kwa zinsinsi za kudambwe ndi kusimba ndiye mkwiyo wa Axhosa ndinkaumva, komabe ndinasangalala kuti nkhaniyo inathera kukhoti poyera. Kwathunso mu 2003 aphungu a nyumba ya malamulo analetsa TVM kuonetsa Big Brother Africa, khoti n'kuchotsa chiletsocho. Olemera a madishi ankaonerabe nthawi yonseyo, oletsedwa anali osauka okha.

Tsono mungatani inuyo usiku uno? Ngati muli ndi dikoda ya DStv lowani mu Settings mupeze Parental Control, ikani kuti chilichonse chopitirira msinkhu wa mwana wanu chizifunsa PIN. Imabwera ili 1234 ndiye musinthe, ana a masiku ano amaidziwa bwino kuposa ife. Ngati mumaonera zaulere, musanakhazikike dinani batani la info pa rimoti, kapena yang'anitsitsani pakona pulogalamu ikamayamba komanso akamabwerera kuchokera ku zotsatsa malonda. Muphunzitseninso mwanayo kuti akaona nambala yoposa zaka zake anene yekha, ana amanyadira akapatsidwa udindo wotere. Masopi a madzulo nawonso musawakhulupirire chifukwa choti aliyense amaonera, ambiri ali ndi 13 ndipo wanuyo ali ndi 10.

Siteshoni ikalakwitsa, mwachitsanzo kuonetsa zogonana masana kapena osaika chenjezo, kodandaula kulipo. Ndi BCCSA, bungwe lomwe owulutsa anakhazikitsa mu 1993. Mumalemba pasanathe masiku 30 chionetsereni pulogalamuyo, kutchula tchanelo, pulogalamu, tsiku, nthawi ndi chimene chakukhumudwitsani, ndipo salipiritsa. Ndikudziwa ambiri a ife timaopa chilichonse chooneka ngati ofesi, koma awa si Home Affairs, ntchito yawo ndi kuweruza ma siteshoni ndipo amatha kuwadzudzula kapena kuwalipitsa chindapusa. Pa filimu yanu ija dandaulo silingapite patali chifukwa inayamba pa ola lololedwa ndi chenjezo lake, koma tsiku lina mudzalifuna.

Chomwe simunafunse koma ndikuchiopa kwambiri ndi foni. Pa YouTube, TikTok ndi mavidiyo oyenda m'magulu a WhatsApp palibe 9 koloko. Lamulo linakonzedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022 kuti FPB izifikanso pa intaneti, koma sangaone kavidiyo kalikonse kamene msuweni watumiza. Ngati mumamubwereka foni yanu muikireni YouTube Kids, pa Netflix mutsegulireni profile ya ana, ndipo azionera inu muli pompo osati atafunda bulangete.

Za zimene anaona kale zija musazisiye choncho ngati sizinachitike. Mwina pachikhalidwe chathu inu monga mayi ake zikuvutani kuyamba, ndiye pezani azakhali ake kapena mayi wina wamkulu wa ku mpingo kapena ku mzikiti amene mumamudalira, amufunse modekha zomwe anaona ndi zomwe anaganiza, osamukalipira chifukwa sanayatse ndi iye. Mukatero mundilemberenso mundiuze dikoda yomwe muli nayo, ndikulongosolereni podina pake mwatsatanetsatane.