Maphunziro a stent pachipatala chopanda cath lab, phindu lake nchiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa clinical officer wa pachipatala china chaching'ono. Akuti maphunziro ambiri a CPD (maphunziro opitiriza a ogwira ntchito zachipatala, omwe amapereka mapointi) a matenda a mtima pa intaneti amangokamba zotsegula mitsempha ndi kuika stent, kachitsulo kothandiza kuti mtsempha wa mtima ukhale wotseguka. Izi zimachitikira mu cath lab, chipinda chapadera chokhala ndi makina oonera mitsempha ya mtima. Ndiye akufunsa: "Kuno cath lab kulibe, ndiwonongerenji bandulo?"

Adokotala, musawataye, koma muzisankha. Za waya wolowera pamtsempha wa padzanja mpaka kumtima ingomvani pang'ono. Gawo lanu ndi wodwala asanapite kukaikidwa stent komanso akabwerako.

Munthu akafika chifuwa chili chothina, thukuta lili kamukamu, ECG, chithunzi cha kagundidwe ka mtima, ijambulidwe pasanathe mphindi 10. Mpatseni aspirin 300 mg atafune, asameze wathunthu. Mukaona ST (kachigawo ka mzere wa ECG) yakwera pa mizere ya II, III ndi aVF, jambulaninso mzere wa V4R kumanja kwa chifuwa. ST ikakwera pamenepo, nitrate (mankhwala okulitsa mitsempha) ayi. Mbali yakumanja ya mtima ikavulala imadalira magazi obwerera, ndipo nitrate amawachepetsa, BP n'kugweratu. Malangizo a European Society of Cardiology amati ngati mtsempha sungatsegulidwe ndi waya m'mphindi 120, perekani mankhwala osungunula magazi oundana, bola ululu usanapitirire maola 12. Streptokinase, amodzi mwa mankhwalawa, ndi mayunitsi 1.5 miliyoni pa dripi kwa mphindi 30 mpaka 60. Yambani mwafunsa za sitiroko, opaleshoni yaposachedwa, kutaya magazi, komanso ngati anaulandirapo kale, poti kachiwiri thupi limaukana.

Koma amene mudzakumane naye kawirikawiri ndi uja wabwera ndi stent kuchokera ku India kapena ku South Africa. Amakhala pa aspirin ndi clopidogrel 75 mg, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse, nthawi zambiri kwa miyezi 12 ngati anaikidwa mtima utadwala mwadzidzidzi. Apa mpamene zinthu zimasokonekera. Mapiritsi omwe anabwera nawo amatha, iye akudzimva kuti wachira, kapena wina amamuuza asiye kaye kuti azule dzino. Stent ndi kachitsulo, ndipo mnofu wamkati mwa mtsempha usanakakute, magazi amaundana pomwepo. Mtsempha ukhoza kutsekekanso tsiku limodzi, munthu n'kutisiya. Choncho werengani mapepala omwe anamtulutsira, lembani tsiku loika stent patsamba loyamba la buku lake lakuchipatala, ndipo clopidogrel asaimitsidwe musanalankhule ndi katswiri wa mtima.

M'mimba mukamawotcha, pantoprazole ndi wabwinoko, chifukwa omeprazole amafooketsa clopidogrel. Brufen ndi diclofenac, omwe anthu amangogula pagolosale kapena kufamase, aletseni, chifukwa akhoza kutayitsa magazi m'mimba. Nthawi zonse funsani ngati chimbudzi chikuda bii, chizindikiro cha kutaya magazi m'mimba.

Posankha maphunziro, tengani omwe amakuikirani ECG kuti muwerenge nokha asanakuuzeni yankho. Ongoonetsa zipangizo zatsopano za kampani adumpheni. Musanalipire, funsani ku Medical Council of Malawi ngati mapointi ake amawavomereza, ndipo satifiketi muisunge.