Mwana wanga akufuna kulowa fraternity ku America, ndimulole?

FUNSO: Zikomo Azakhali. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 19 adapeza mwayi wa maphunziro ku yunivesite ina ku America. Tsopano akuti akufuna kulowa gulu la anyamata lotchedwa fraternity, ati n'kumene munthu amapezako anzake odzamuthandiza pofuna ntchito. Akuti ndisade nkhawa ndi za mowa poti yunivesiteyo ili ndi malamulo okhwima. Sindibisa, ali kuno ankalawako. Ndimulole?
Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, pa za anzake mwanayo sakunama. Magulu amenewa ndi akalekale ndipo mudadutsa anthu otchuka. Martin Luther King Jr. adali wa Alpha Phi Alpha, Kwame Nkrumah wa Phi Beta Sigma. Koma zoti mugone tulo chifukwa kuli malamulo, ine ndakana.

Malamulowo alipodi. Kuno wa zaka 18 amagula mowa, koma kumeneko lamulo la 1984 lidachititsa zigawo zonse kukweza msinkhu kufika zaka 21. Ndiye wanuyo akapezeka ndi botolo wapalamula, komanso musaiwale kuti ndi mlendo. Akamangidwa chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera, viza yake ikhoza kuthetsedwa. Nalonso bungwe la North American Interfraternity Conference, lomwe limasonkhanitsa magulu ambiri a fraternity, lidaletsa, kuyambira 2019, mowa waukali wopitirira 15 peresenti m'nyumba za magulu ake, pokhapokha ogulitsawo akhale a chiphaso.

Poopsa penipeni ndi polowera. Wofuna kulowa amayamba wayesedwa, monga muja akuluakulu ankazunzira a Fomu 1 m'masekondale ogonera konko, kungoti uku chida chake ndi mowa. Mu February 2017 ku yunivesite ya Penn State, Timothy Piazza, wa zaka 19 ngati wanuyo, adapatsidwa mowa maulendo 18 m'mphindi 82 pa mwambo wolowera gulu la Beta Theta Pi. Adagwa pa masitepe n'kuvulala kwambiri m'mutu ndi m'mimba. Anzakewo adamugoneka pampando, n'kumuveka chikwama kumsana kuti asagudubuke. Foni yoitana ambulansi adaimba patapita maola pafupifupi 12, ndipo mnyamatayo adamwalirira kuchipatala. Chondiwawa n'chakuti pa pepala nyumba imeneyo inali yoletsa mowa. Mu 2021, chiletso cha mowa waukali chija chilipo kale, Stone Foltz wa ku Bowling Green State University adamwalira atauzidwa kuti amalize botolo lonse.

Mukaiona bwino nkhani ya Piazza, mowa sudamuphe wokha. Anyamata adaopa kuti akaimba foni gulu lawo litsekedwa, iwo achotsedwa sukulu. Lamulo lokhwima lomwe mwana wanu akulidaliralo ndi lomwe nthawi zina limatseka anthu pakamwa. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri ali ndi ndondomeko ya medical amnesty: woitanira mnzake chithandizo salangidwa chifukwa cha mowa umene iye wamwa. Mumufunse ngati pasukulu pake ilipo, ndipo akuwerengereni pa foni mawu ake.

Mumuuzenso mosapsatira kuti mnzake akakanika kudzuka ngakhale amugwedeze, akamasanza ali chigonere, akamapuma patalipatali, kapena thupi likazizira, amugoneke chammbali n'kuimba 911, nambala yoitanira chithandizo chadzidzidzi kumeneko, nthawi yomweyo. Asadikire chilolezo cha mtsogoleri wa gulu. Zoti "musiyeni agone, mawa adzuka bwino" ndi zabodza, chifukwa mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi munthu ali mtulo. Ngakhale mkonono si umboni woti ali bwino.

Kumuletsa kokha sikuthandiza, inu muli ku Zomba iye ali kutsidya la nyanja, angolowa mobisa. Ine ndikadagwirizana naye kuti chaka choyamba chithe kaye, azolowere maphunziro ndi kuzizira. Pakadali pano akuuzeni dzina la gululo. Lamulo la Stop Campus Hazing Act, lomwe Joe Biden adasainira mu December 2024, limakakamiza mayunivesite kuika poyera magulu opezeka olakwa pa nkhanza zozunza ofuna kulowa, ndiye mukhoza kufufuza nokha pa intaneti. Dzinalo mukalipeza pa mndandandawo, kapena mukamva kuti gululo sukulu idalichotsa m'kaundula koma likukumanabe kunja kwa mpanda, pamenepo kanani ndithu.