Intaneti yalowa mnyumba koma laputopu yayamba kuyenda ngati nanzikambe

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yatha, ndipo ndati ndiyankhire pano chifukwa funso lomweli landipeza kangapo. Ndafupikitsa, koma akuti: "Laputopu yanga ndi ya 2014, ili ndi Windows 10 ndi RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayendetsa mapulogalamu) ya 4GB. Zaka zonsezi ndimalumikiza ku hotspot ya foni ndipo imayenda bwinobwino. Masabata awiri apitawo tinayikitsa intaneti ya mnyumba ya rauta, koma chiyikireni ikungochedwa, olo kutsegula Word ndimachita kudikira, fani nayo ikungolira. Mwana wanga akuti ndi vayilasi, a kampani ya intaneti akuti ndilipire liwiro lokwererapo. Ndimvere ndani?"

Mayi, musamvere aliyense kaye ndipo ndalama yanu isatuluke. Mwanena nokha kuti Word ikuchedwa kutseguka, nde Word yomwe ili mu laputopu yanuyo sidikira intaneti kuti itseguke, ndiye olo atakupatsani liwiro lowirikiza kakhumi iyo izingochedwabe. Kuchedwa kulipo kuwiri ndipo anthu timangokuphatikiza, pali kuchedwa kwa intaneti ndi kuchedwa kwa makina. Kuti mudziwe kwanu nkuti, imani ndi foni pafupi ndi laputopuyo, zonse zikhale pa Wi-Fi imodzi, mutsegule fast.com kapena speedtest.net pa foni kenako pa laputopu. Ngati manambala akufanana ndipo ali pafupi ndi liwiro lomwe mukulipira, intaneti ilibe mlandu.

Chimene ndikuganiza kuti chachitika ndi ichi. Nthawi ya hotspot munkayatsa data, kuona imelo, nkuzimitsa msanga kuopa kuti ithe, mwinanso wina anakuyikirani ija amati metered connection yomwe imauza Windows kuti isamadye data mwachisawawa. Ndiye zaka zonsezo makinawa amangosunga ngongole ya ntchito. Tsiku lomwe anaona Wi-Fi yosazima, aliyense anadzuka nthawi imodzi, Windows Update ikukoka ma apudeti a zaka, OneDrive kapena Google Drive ikukweza zithunzi zanu zonse, antivayilasi ikudzikonza kenako nkuyamba kufufuza fayilo iliyonse yomwe yangolowayo, Chrome nayo, Office nayo. Onsewa akulimbirana khomo limodzi lomwe ndi hard disk yanu, momwe laputopu imasungira mafayilo ndi mapulogalamu onse.

Musandikhulupirire ine, dzionereni. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, itseguka Task Manager, ngati ikuoneka kakang'ono dinani More details. Muona mizati yolembedwa CPU, Memory, Disk ndi Network. Ndikhoza kubetcha kuti Disk ili pa 100% ndipo yafiira pomwe Network ili pansi penipeni. Dinani pa mawu akuti Disk kuti amene akudya kwambiri abwere pamwamba. Mukaona mayina ngati Windows Modules Installer Worker kapena Antimalware Service Executable musathamangire kunena kuti mwana uja ananena zoona, amenewo ndi a Windows yomweyo, woyambayo amayika ma apudeti, wachiwiriyo ndi Microsoft Defender.

Mankhwala ake oyamba ndi otopetsa koma ndi aulere: isiyeni imalize. Ilumikizeni ku chaja, pitani ku Settings muletse kuti isagone, mupite pa Windows Update mudine Check for updates, muisiye usiku wonse. Mmawa ilisitateni, mudinenso, mpaka inene kuti palibe chatsala, zimatha kufuna maulendo atatu kapena anayi. Cholakwa chomwe ambiri timachita nchakuti ikayamba kuchedwa timapsa mtima nkuizimitsa pa batani, mawa lake imayambiranso pomwe inayambira dzulo, nchifukwa chake masabata awiri atha inu mukuona ngati sizikusintha. Muli komweko lowani mu Delivery Optimization muzimitse pomwe pakuti Allow downloads from other PCs, chifukwa Windows imatha kumagawira makompyuta ena ma apudeti kudzera pa intaneti yanu. Mu Task Manager muja mulinso tsamba la Startup, zinthu ngati Teams, Spotify ndi zina zomwe simuzifuna poyatsa zipangeni Disable. Ndipo ngati muli ndi ma antivayilasi awiri, makamaka aja amabwera ndi laputopu nthawi yake nkutha kalekale, chotsani, Defender payokha imakwana. Awiri amangolondana okhaokha uku inu mukudikira.

Za vayilasi sindikukana kuti zimachitika, mtima ukhale mmalo yendetsani pulogalamu yofufuza mavayilasi ya Malwarebytes yaulere kamodzi, muonenso ma extension, timapulogalamu towonjezera ta mu Chrome, muchotse omwe simukuwadziwa. Basi, ndisatayepo nthawi.

Pali china chomwe anthu sachiganizira, inuyo mwasintha kagwiritsidwe. Pa hotspot munkatsegula tsamba limodzi, pano ndikudziwa muli ndi ma tab khumi ndi asanu, Facebook uku, YouTube uku, ndipo 4GB Windows 10 imadyapo kale pafupifupi theka musanatsegule kalikonse. RAM ikadzaza, Windows imayamba kusungira zinthu pa hard disk ija yomwe yatopa kale. YouTube nayo ikaona liwiro labwino imakweza yokha kanema kufika 1080p, ndipo purosesa ya 2014 siinapangidwe kuti izimasula mosavuta VP9 ndi AV1, mitundu ya kapangidwe ka kanema yomwe YouTube imakonda kutumiza, nde imachita kulimbana nazo ndi mphamvu zake zonse, fani nkumalira, kanema nkumadukaduka, inu nkumati intaneti yafooka. Tsitsani pa 480p kapena 720p muone kusiyana kwake.

Tsopano ngati pa kuyesa kuja foni inapeza liwiro lalikulu koma laputopu lochepa, ndiye nkhani ndi Wi-Fi. Malaputopu ambiri otchipa a nthawi imeneyo amangomva Wi-Fi ya mtundu wa 2.4GHz, samaiona nkomwe ya 5GHz yomwe foni yanu mwina ikugwiritsa ntchito, ndipo 2.4GHz ndi yodzaza, ma rauta a anthu oyandikana nawo ali momwemo, Bluetooth momwemo, microwave momwemo. Tengani waya wa Ethernet mulumikize laputopu ku rauta mwachindunji muyesenso. Zikathamanga pa waya, sunthani rauta ichoke kuseri kwa TV kapena pansi ikhale pamalo okwera poonekera, muyese kusintha channel ya Wi-Fi mu ma setting a rauta pakati pa 1, 6 ndi 11, zikakanika kagulireni ka USB Wi-Fi komva 5GHz. Komanso musasokonezeke ndi manambala, kampani imatchula ma megabit pomwe podawuniloda mumaona ma megabyte, ndipo mu byte imodzi muli ma bit 8, ndiye 20Mbps ikamaonetsa 2.5MB pa sekondi sanakubereni, ndi momwemo.

Koma ndinene zoona, olo ma apudeti atatha, laputopu ya hard disk yozungulira pa Windows 10 siidzakusangalatsani. Mkati mwake muli mbale yomwe nthawi zambiri imazungulira ka 5400 pa mphindi ndi kamkono komwe kamachita kuyenda kukafuna fayilo iliyonse, ndiye mapulogalamu asanu akafuna zinthu nthawi imodzi kamkonoko kamangothamanga uku ndi uku. SSD, chosungira mafayilo chamakono chomwe chimalowa mmalo mwa hard disk, ilibe choyenda mkati. Ine ndinali ndi yanga ya msinkhu womwewo ndinatsala pang'ono kuitaya, nditangoyika SSD ya 2.5 inch ya SATA inayamba kuyaka ndisanakhale bwino pampando. Ndalama yomwe mumafuna muziwonjezera pa intaneti mwezi ndi mwezi, bola mugule SSD kamodzi, 240GB kapena 256GB ikukwanirani ngati simusunga makanema ambiri. Ikatsalako onjezani RAM ifike 8GB, koma yambani mwaona ndi pulogalamu ya CPU-Z ngati RAM yanu ndi ya mtundu wa DDR3 kapena DDR3L komanso ngati pali malo owonjezera, chifukwa pa malaputopu ena RAM anaimata pa bolodi. Onaninso kuti Windows yanu ndi ya 64-bit, ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito yopitirira 4GB. Okuyikirani SSD poti akhala ataitsegula kale laputopuyo, auzeni apemerere fumbi pa fani, zaka zonsezi pamakhala pataundana ngati thonje ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha. Musanachite zonsezi koperani zithunzi ndi mafayilo anu pena, ndipo yendetsani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoona thanzi la disk, ikalemba Caution kapena Bad ndiye disk ikufa, koperani lero lomwe osati mawa.

Chomaliza chomwe simunafunse koma chikundikhudza. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye kuti ma apudeti atsopano a chitetezo a nthawi zonse aja anasiya kubwera, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira 8th generation, ndiye ya 2014 siilowa mwa njira yovomerezeka. Kale zinalibe kanthu kwenikweni poti inkalowa pa intaneti mwa apo ndi apo, pano ikhala yolumikizidwa tsiku lonse. Ngati ntchito yanu ndi imelo, makalata ndi YouTube, mufunseni mwana wanuyo akuyikireni Linux Mint ya Xfce, yomwe imagwira ntchito mmalo mwa Windows, pa flash muiyese osafufuta kalikonse, imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word. Koma zimenezo nza mtsogolo, usiku uno ingoisiyani pa chaja, ndipo mawa munditumizire chithunzi cha Task Manager ndione amene ali pamwamba pa Disk.