Kuyankha achimwene pa za utsogoleri wa ntchito ya makompyuta m'chipatala

Achimwene, ndalimva funso lanu, ndipo ndiyankha pomwe pano pa gulu la banja kuti ana athu amene akuphunzira zaumoyo amve nawo. Mwati popeza akupatsani udindo woyang'anira gulu limene likuika makompyuta osungira mbiri ya odwala pa chipatala chanu, mukufuna kudziwa ngati mukhale bwana wolamula kapena wofunsa maganizo a anthu, ndiponso ngati ziphunzitso za utsogoleri zimene munamva ku maphunziro aja zili ndi ntchito kwenikweni.

Ntchito zili nayo, makamaka chimodzi chakalekale. Mu 1939, katswiri wa za khalidwe la anthu Kurt Lewin ndi anzake anafufuza timagulu ta anyamata ku America, nasiyanitsa mtsogoleri wolamula yekha, mtsogoleri wokambirana ndi anthu ake, ndi mtsogoleri wongowalekerera. Anapeza kuti pansi pa wolamula uja ntchito inkayenda iye akakhalapo, koma akangotuluka m'chipinda anyamata ankaileka, pamene a mtsogoleri wokambirana ankapitiriza ngakhale iye palibe. Taganizirani zimenezi pa chipatala chanu. Inu mumaweruka madzulo, koma namwino wa usiku ku wodi ya amayi amatsala yekha ndi odwala ambiri, ndipo ngati kompyutayo anangomukakamiza, adzatenga kaundula wa pepala n'kulembamo monga mwa kale, ndipo inu mudzazindikira kumapeto kwa mwezi pamene ziwerengero zakana kugwirizana.

Kuno ku Johannesburg ndinaziona ndi maso pa kiliniki ina ya m'dera la anthu ambiri. Kalaliki wa pa windo lolembetsera anali ndi kompyuta yatsopano patsogolo pake, koma mayina a odwala ankawalemba m'kope, chifukwa pulogalamuyo inkafuna kuti adzaze malo ochuluka munthu asanadutse, pamene mzere unali utafika kale pa geti. Masana akangopeza mpata ankayamba kutaipa zonse za m'kopemo, atatopa, ndipo manambala ena ankasemphana. Mayiyo sanali waulesi ngakhale pang'ono. Amene anakonza pulogalamuyo sanakhalepo naye pa windo limenelo nthawi ya m'mawa, ndipo akuluakulu ake ankangofunsa kuti lipoti lachedweranji.

Zoterezi zachitikanso m'maiko olemera, choncho musaganize kuti ndi vuto la umphawi wathu. Chipatala cha Cedars-Sinai ku Los Angeles chinaimitsa pulogalamu yake yoti madokotala azilembera mankhwala pa kompyuta kumayambiriro kwa 2003, patangopita miyezi yochepa chiyambireni, madokotala atadandaula kuti ikuwachedwetsa. Ku England boma linayambitsa mu 2002 ntchito yaikulu yolumikiza zipatala zonse pa makompyuta, yolamulidwa kuchokera ku likulu, ndipo mu 2011 linalengeza kuti likuithetsa, ndalama zitapita mabiliyoni a mapaundi. Mwa zifukwa zimene zinatchulidwa kwambiri panali chakuti madokotala ndi anamwino sanafunsidwe mokwanira. Tsono yerekezani ndi pulogalamu ya DHIS2 imene inu mumatumizira malipoti a mwezi. Inachokera ku ntchito imene inayambira kuno ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, pamene akatswiri a ku University of Oslo ndi a kuno ankakhala pansi ndi ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma n'kumakonza pang'onopang'ono malinga ndi zosowa zawo. Kwathu nakonso, a bungwe lokonza mapulogalamu a m'zipatala la Baobab Health atayamba ntchito pa Kamuzu Central Hospital kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anasankha makompyuta ongodina ndi chala pa galasi, poganizira kuti makalaliki ambiri anali asanazolowere kutaipa.

Ku maphunziro kuja mwina anakuuzani zambiri za zimene James MacGregor Burns analemba mu 1978, posiyanitsa mtsogoleri amene amagwira ntchito ndi anthu mwa mphotho ndi chilango ndi mtsogoleri amene amasintha mmene anthu amaionera ntchito yawo. Ine ndimavomereza kuti wachiwiriyu ndiye wofunika pa chiyambi, chifukwa namwino akamvetsa kuti mbiri yolondola idzathandiza kupeza mayi amene wasiya kubwera kudzalandira ma ARV, amaisamala kompyutayo popanda womuyang'anira. Komabe mawu okoma paokha sakwanira ngati magetsi akuzimazima, netiweki ikudukaduka ndipo makina osindikizira timapepala ta odwala atha riboni, chifukwa anthu amakhulupirira mtsogoleri amene amakonza zinthu zimenezi msanga.

Chimene ndimatsamira kwambiri ndi chiphunzitso cha Paul Hersey ndi Ken Blanchard, chakuti kachitidwe ka mtsogoleri kayenera kutsata luso ndi kukonzeka kwa munthu amene akumutsogolera pa ntchito imene ili m'manja. Kalaliki watsopano mumamusonyeza chilichonse mwatsatanetsatane, ndipo palibe nkhanza pamenepo. Mnyamata wanu wa netiweki amene wagwira ntchitoyo zaka zambiri mumamuuza chimene chikufunika n'kumusiya, chifukwa kumuima pamsana n'kumunyoza. Dokotala wamkulu amene akukayikira simumulamula pamaso pa anzake, koma mumamupempha kuti ayese kaye pa wodi yake ndipo akuuzeni chimene chikumuchedwetsa.

Pali malo amodzi pamene ndikukupemphani kuti mulamule popanda kukambirana ndi munthu, ndiwo pa kusunga chinsinsi cha odwala. Ngati mwapeza pasiwedi italembedwa pa kapepala n'kumatidwa pa kompyuta, kapena anthu asanu akulowa ndi dzina limodzi, muletse tsiku lomwelo, chifukwa mmenemo muli zotsatira za magazi a anthu amene ngakhale abale awo sanawauze. Kuno lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kugwira ntchito kwathunthu mu July 2021, ndipo mu June 2024 akuba a pa intaneti anaukira makompyuta a National Health Laboratory Service, bungwe la boma loyeza magazi ndi zina za odwala, moti zotsatira za magazi zinkachedwa kwa masabata m'zipatala za boma. Pa tsiku lotere pamafunika munthu mmodzi wolamula kuti makina ati azimitsidwe ndi kuti aliyense abwerere ku mafomu ati a pepala, ndipo mafomuwo ayenera kukhala okonzeka kale mu kabati.

Sabata ino musaitanitse kaye msonkhano. Lawirirani ku OPD, kumene amaonera odwala osagonekedwa, m'mawa chipatala chisanatsegule, mukhale pambali pa kalaliki mpaka mzere utachepa, ndipo mawa lake mupemphe a metroni kuti akupatseni namwino mmodzi wa pa wodi iliyonse amene anzake amamumvera, kuti azikhala nanu pa zokambirana zonse za pulogalamuyo.