Tifunseni za Zoyimba: Anthu akuvina zakale, zathu zatsopano akuzikhalira pansi

FUNSO: Akulu a danga lino, ndine mtsogoleri wa bandi ya anthu asanu ndi mmodzi ya pa Kamwendo, m'boma la Mchinji. Tilibe kampani kapena bwana wotigwira dzanja. Zida tinagula tokha pang'onopang'ono ndi ndalama za mtedza ndi soya, ndipo timayimba m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'malo achisangalalo mpaka ku Mkanda ndi ku Kapiri. Tapeka nyimbo zatsopano zisanu ndi zitatu zoti tijambule chaka chino, koma tikayamba kuyimba zathuzo anthu amabwerera m'mipando, pamene tikangogunda za m'ma 1970 ndi m'ma 1980 fumbi limakwera bwalo lonse. Anzanga ena akuti tisiye zathu, tijambule chimbale cha zakale zokhazokha. Kodi titero? Nanga malamulo akutilola?
Woyimba bezi, Kamwendo

YANKHO: Achimwene, ndiyamba ndi funso la malamulo, pakuti ndi limene lingakutengereni kubwalo la milandu chimbalecho chisanabweze ndalama ya situdiyo. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza nyimbo nthawi yonse imene wopeka ali moyo, kuonjezapo zaka 50 atamwalira. Choncho nyimbo za Daniel Kachamba wa ku Chileka, yemwe anatisiya mu 1987, zili ndi eni ake mpaka 2037, ndipo za Allan Namoko wa Chimvu River Jazz Band, yemwe anamwalira mu 1995, zikhala m'manja mwa olowa chuma chake mpaka 2045. Kuyimba nyimbo ya wina pa siteji n'kosiyana ndi kuijambula. Za pa siteji zimayendera chiphaso chimene eni malo achisangalalo ndi okonza zochitika amalipira ku bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, koma kuti muijambule ndi kuifalitsa mukufunika chilolezo cha mwini wake kapena banja lake, ndipo chikhale cholembedwa papepala, chifukwa mawu a pakamwa amaiwalika ndalama zikayamba kuoneka. Za kalindula za ku Zambia, zomwe ndikudziwa kuti kwanuko simungamalize ukwati osaziyimba, nazonso n'zotetezedwa chimodzimodzi. Nyimbo za magule monga chimtali ndi mganda zili ndi ndime yakeyake m'lamuloli, choncho funsani a COSOMA musanazijambule. Za kudambwe zokha, kayambeni mwaonana ndi mafumu.

Tsopano ku funso lalikulu lija. Musafulumire kuganiza kuti nyimbo zanu n'zoipa chifukwa chakuti anthu akuzikhalira pansi, pakuti mukuzipikisanitsa ndi nyimbo zimene makutu a anthuwo akhala akuzimva kwa zaka makumi anayi. Kumbukirani kuti kuchokera mu 1964 mpaka ulamuliro wa zipani zambiri utafika, dziko lonse linkadalira wayilesi imodzi ya MBC, ndipo wayilesi yakanema ya dziko lino inadzabwera mu 1999. Nyimbo ikaulutsidwa masana, mlimi wa ku Mkanda, mphunzitsi wa ku Nsanje ndi msodzi wa ku Karonga ankaimva pa ola limodzi, kenaka ankaimvanso mawa ndi mkuja. Inu a m'malire munali ndi mwayi wina, woti mukapotoza pang'ono kachitsulo ka wayilesi munkagwira ya ku Zambia, ndipo n'chifukwa chake kalindula anakhazikika ku Mchinji ngati wobadwira pompo. Onjezanipo mbale za simanjemanje zimene madoda ankabwera nazo kuchokera ku Joni, rumba ya ku Zaire, magitala a ku Zimbabwe, ndi oyimba akunja aja a Jim Reeves, Dolly Parton, ABBA ndi Boney M, amene agogo athu ankawayimba motsatira ngakhale mawu ake sankawamva.

Ine ndinakulira pafupi ndi Santhe, ndipo wayilesi ya bambo anga inkakhala pa kabati itavundikiridwa ndi kansalu koluka, kosaloledwa kukhudzidwa ndi mwana aliyense. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa pa denga la nkhokwe kuti atipirireko madzulo amodzi, ndipo nyimbo yokondedwa ikayamba mayi ankaimitsa musi mumtondo mpaka ithe. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi amene amadzuka pa ukwati mukagunda nyimbo yakale akuvinira zinthu ngati zimenezo: utsikana wake, dansi ya pa Khirisimasi, mwamuna amene anamufunsira tsiku limenelo. Zimenezi simungazijambule m'situdiyo, ndipo mukajambula nyimboyo iye adzaiyerekeza ndi ya mwini wake n'kunena kuti mwaiononga.

Komabe pali china m'nyimbo zakalezo chimene mungachitenge popanda kupempha aliyense, ndicho kapangidwe kake. Magulu ngati Likhubula River ya Robert Fumulani kapena MBC Band ankajambula onse pamodzi m'chipinda chimodzi pa tepi, ndipo mmodzi akalakwitsa onse ankayambiranso. N'chifukwa chake ankayeserera kwa milungu asanapite kukajambula, ndipo mukamvetsera bwino mumamva woyimba ng'oma ndi wa bezi akupumira limodzi, liwiro likukwera pang'ono pofika pa kolasi monga momwe mtima wa wovina umachitira. Lero wojambula ambiri amaika ng'oma za m'kompyuta zosaphonya ngakhale pang'ono, n'kuitana oyimba mmodzimmodzi, kenaka n'kuwongola mawu ndi makina mpaka aliyense azimveka ngati mnzake. Inu muli ndi chimene achinyamata ambiri a m'tauni alibe, anthu asanu ndi mmodzi ozolowerana. Pezani situdiyo yokhala ndi chipinda ndi mamaikolofoni okwanira kuti ng'oma, bezi ndi gitala yotsogolera zilowe nthawi imodzi, ngakhale zitatanthauza kukwera minibasi ya ku Lilongwe ndi zida pamiyendo.

Chachiwiri ndi mawu. Nyimbo zakale zinkafotokoza nkhani yokhala ndi munthu, malo ndi mlandu: mkamwini waulesi, mlamu wadyera, mwamuna wopita ku Halale osalemba kalata. Tawerengani mawu a nyimbo zanu zisanu ndi zitatuzo popanda zida, ngati mukuwerengera agogo pakhonde. Ngati zonse zikungoti ndimakukonda ndiponso usandisiye, bwererani mukapeke za tenanti amene watha chaka pa esiteti n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu, za wa kabaza wa pa Kamwendo, za msika wa soya umene mtengo wake umagwa tsiku lomwe inu mwafika nawo. Anthu a kwanu adzaima kuti amve mathero ake.

Zitsanzo zilipo zoonetsa njira zonse ziwiri. Mu 2020 Patience Namadingo anayimba limodzi ndi Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930 ku Chiradzulu, ndipo nyimbo ya Linny Hoo inadzafalikira pa TikTok mpaka kumayiko amene Chichewa sachidziwa. Onani kuti mwini nyimbo anali pomwepo, akuyimba nawo, ndipo ulemu unapita kwa iye. Njira inayo ndi ya Madalitso Band, anyamata awiri amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni (bezi ya nsambo imodzi) yopanga okha ndi gitala ya nsambo zinayi. Nyimbo zawo n'zopeka okha, koma kamvekedwe kake n'kakale ndithu, ndipo zawafikitsa ku Zanzibar ndi ku Ulaya. Ngakhale Alleluya Band, imene inayamba mu 1978 pa parishi ya Balaka ndi Paul Banda, sikanabala kayimbidwe kamene kanadzaza makaseti a m'ma 1990 ikanangokhalira kubwereza za ena.

Langizo langa ndi ili: jambulani zanu zisanu ndi imodzi zimene zapirira mayeso a pakhonde aja, ndipo muonjezepo zakale ziwiri zokha zimene mwapezera chilolezo. Pa siteji lekani kulengeza kuti tsopano tiyimba yathu yatsopano, chifukwa mawu amenewo ndiwo amauza anthu kuti nthawi yokagula chakumwa yakwana. Ilowetseni pakati pa zakale ziwiri za liwiro lofanana, ng'oma isaime, ndipo muziyang'ana mapazi a anthu. Imene yawasunga m'bwalo maukwati atatu otsatizana ndiyo yoyamba kuitulutsa. Itulutseni pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene fodya, soya ndi mtedza zagulitsidwa ndipo maukwati ali mkati, osati mu Januwale anthu akusaka chimanga. Kalembetseni nyimbozo ku COSOMA musanazitumize pa WhatsApp, Facebook kapena YouTube, ndipo kaperekeni nokha ku wayilesi ya Mudzi Wathu pa boma pomwepo musanaganize za mawayilesi akuluakulu. Ndalama yeniyeni idzachokerabe ku zoyimbayimba, choncho chimbalecho muchione ngati chokuitanirani maukwati. Ndipo musanakwere minibasi ija, khalani pansi nonse asanu ndi mmodzi mulembe kuti wapeka nyimbo iti ndi ndani, zida ndi za yani, ndiponso wochoka adzatenga chiyani, pakuti mabandi ambiri amene ndawaona akutha anathera pa mkangano wa kiyibodi ndi zokuzira mawu.

FUNSO: Malemu amuna anga anasiya katoni ya makaseti, ndipo imodzi ndi ya bandi ya kwathu kuno imene inayimba pa ukwati wathu mu 1988. Bandiyo inatha kalekale. Ndikufuna adzukulu anga aimve pa foni, koma ndikuopa kuti ikalowa m'wayilesi idzatafunidwa. Ndichite bwanji?
Mayi wa ku Nkhamenya, Kasungu

YANKHO: Mayi, mantha anuwo ndi oyenera, ndipo musaiike m'wayilesi iliyonse yongopezeka. Choyamba chotsani katoniyo pamalo a chinyezi kapena pafupi ndi malata otentha. Yang'anani pa kagalasi ka kasetiyo ngati tepi yachita nkhungu yoyera, ndipo onaninso pansi pake, pakati penipeni, ngati kathonje kakang'ono kamene kamakankhira tepi ku mutu wa makina kadakalipo, chifukwa kakagwa mawu amamveka ngati a m'madzi. Lowetsani bolopeni pa bowo limodzi ndi kuzunguza pang'onopang'ono mpaka tepi yonse idutse mbali ina ndi kubwereranso, kuti pamene yamatirirana pamasuke. Ikaduka musaimange mfundo. Wokonza mawayilesi waluso angailumikize.

Kenaka pezani wokonza mawayilesi pa Nkhamenya kapena pa boma amene ali ndi makina a kaseti oyenda bwino. Apukute mutu wa makinawo ndi kagudumu ka labala ndi thonje lonyowetsa sipiriti, ayambe wayesera kaseti ina yosafunika, ndipo alumikize makinawo ku kompyuta ndi chingwe. Pulogalamu yaulere ya Audacity imakwanira pa ntchito imeneyi. Muuzeni ayambe kujambula pa ulendo woyamba womwewo, poti tepi ya zaka zoposa makumi atatu mwina singalole wachiwiri, ndipo inu mukhale pomwepo osaisiya kuti mudzaitenge mawa. Asunge mawuwo ngati WAV, mtundu wa fayilo wosachepetsa ubwino wa mawu, akupangireninso MP3 ya pa foni, ndipo muziike pa fulashi ziwiri, ina ikakhale kwa mwana wanu. Makaseti ogula m'sitolo aja ali ndi eni ake, choncho asakhale ogulitsa kapena omwaza pa intaneti. Ya ukwatiyo mukamaliza ibwezereni m'kabokosi kake, mulembepo chaka, mudzi ndi mayina a oyimba amene mukuwakumbukira, ndipo ngati wina wa iwo adakali moyo kufupi ndi kwanuko, mutumizireni adzukuluwo akamumvetsere.