Buku lachinayi limene simunatsegule

Mayi wina wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu wandilembera motere: "Ndili ndi okala, njinga zamoto ziwiri za kabaza, komanso ndine msungichuma wa banki mkhonde ya amayi a m'dera lathu. Mwana wa mchemwali wanga amene akuphunzira ku Mzuzu University anandiikira pulogalamu yolembera mabuku a ndalama yotchedwa hledger pa laputopu ndipo ananditsegulira mabuku atatu. Vuto ndi lakuti nthawi zina zimene ndalemba zimalowa m'buku lolakwika. Ndingatani kuti buku lililonse likhale ndi fayilo yakeyake ya masetingi? Za pakhomo sindilemba chifukwa ndi ndalama zanga zomwe, koma mpamba wa okala ukuchepa."

Mayi, funso limene mwafunsa lili ndi yankho lalifupi, ndipo ndiyamba nalo kuti tithane nalo. Pulogalamu ya hledger mukapanda kuiuza buku loti itsegule, imatsegula limene latchulidwa mu setingi ya pa kompyuta yotchedwa LEDGER_FILE, ndipo ngati mulibe kanthu imapita ku fayilo ya .hledger.journal ya m'foda yanu yaikulu. Ndiye chifukwa chake mukaiwala kulemba -f ndi dzina la buku, ndalama za kabaza zimapezeka zitakhala pakati pa shuga ndi sopo. Kuyambira pa hledger 1.40 ya m'chaka cha 2024, pulogalamuyi imawerenga fayilo ya masetingi yotchedwa hledger.conf. Uzani mnyamatayo apange foda ya okala, ya kabaza ndi ya banki mkhonde, ndipo m'foda iliyonse aikemo buku lake pamodzi ndi hledger.conf yake imene ikutchula bukulo. Pulogalamuyi imayamba kufunafuna masetingi m'foda imene muli, ikawasowa imakwera ku mafoda a pamwamba, choncho kuima m'foda yolakwika ndi kulemba m'buku lolakwika. Mukafuna kuitchula nokha fayilo ya masetingi mumalemba --conf ndi dzina lake, mukafuna kuti isawerenge masetingi alionse mumalemba -n. Musanalembe kalikonse ndi lamulo la add, yambani mwalemba hledger files kuti muone ndi maso anu buku limene latseguka. Za makina zathera pamenepo.

Chimene chikudya mpamba wanu chili m'chiganizo chomaliza cha kalata yanu, chimene mwachiika ngati chongodutsa. Makalata otere ndimalandira kawirikawiri, ena ochokera kwa anthu olemba m'kope la ana a sukulu, ena kwa olemba pa kompyuta, ndipo onse amadandaula za chida pamene bowo lili pa ndalama zimene amazitcha zawo zomwe. Mabuku muli nawo atatu, koma makomo otulukira ndalama ndi anayi, ndipo khomo lachinayilo, la pakhomo panu, ndi lokhalo limene lilibe mlonda.

Tiyeni tiwerengere mwachisawawa. Tinene kuti mumatapa K15,000 mu kabati ya okala katatu pa sabata, ya ndiwo, makala ndi mayunitsi a magetsi. Pa sabata ndi K45,000, pa mwezi ndi pafupifupi K180,000, ndipo pa chaka yadutsa K2 miliyoni. Apa sitinawerengere mlamu amene waimba foni kuti mwana wadwala kumudzi, fizi ya mwana wa malemu achimwene, chopepesa pa maliro, kapena mbale amene watenga mafuta ophikira ponena kuti alipira pa malipiro. Sindikunena kuti muleke kuthandiza abale, pakuti tonse tinakula ndi thandizo la ena ndipo amene amakana onse amadzalira yekha. Ndikunena kuti thandizo losalembedwa limaoneka laling'ono kwa wopereka ndi kwa wolandira yemwe, mpaka tsiku limene mufika ku msika wa Taifa kukaoda katundu n'kupeza kuti ndalama imene munkagulira makatoni khumi ikungokwana asanu ndi limodzi. Pamenepo ambiri amaloza kugwa kwa kwacha, ndipo n'zoona kuti inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma kwacha siinatsegule kabati yanu katatu pa sabata. Kenaka munthu amathamangira katapila kuti adzaze mashelefu, n'kuyamba kugwirira ntchito mwini ngongole.

Choncho tsegulani foda yachinayi ndi buku la pakhomo, nalonso ndi hledger.conf yake. Dziikireni malipiro a pamwezi ochokera ku okala ndi ku kabaza, ndipo abale muziwathandiza kuchokera pa malipirowo. Ndalama ikachoka ku okala kupita kunyumba ilembedwe kawiri tsiku lomwelo: m'buku la okala ngati yotuluka, m'buku la pakhomo ngati yolowa, ndipo mbali zonse ziwiri zidutse pa akaunti ya dzina limodzi, monga kusamutsa:pakhomo. Kenaka pangani fayilo ina yaing'ono, muitche zonse.journal, imene ntchito yake ndi kungoitana mabuku a okala, kabaza ndi pakhomo pogwiritsa ntchito mawu akuti include. Mukatsegula fayiloyi n'kulemba lamulo la balance, akaunti ya kusamutsa iyenera kuonetsa ziro kapena kusaoneka n'komwe pa lipotilo. Ikaonetsa china chilichonse, ndiye kuti pali ndalama imene inatuluka khomo lina osafika khomo linalo, ndipo lamulo la register likuonetsani tsiku lake. M'fayilo ya zonseyi musamalembemo malonda; ndi yoonera basi.

Buku la banki mkhonde lisalowe m'fayilo ya zonse ngakhale pang'ono. Ndalama imeneyo ndi ya amayi anzanu, ndipo ikangooneka pa tsamba limodzi ndi yanu, mtima umayamba kunena kuti mungobwerekako ya katoni imodzi ya sopo, mubweza Loweruka. Asungichuma ambiri amene anachita manyazi pa tsiku logawana sanali akuba poyamba. Ngati inuyo mwatenga ngongole kugulu motsata malamulo ake, ilembedwe m'buku la gulu pa dzina lanu monga ya membala wina aliyense, ndipo m'buku la okala ilembedwe ngati ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Ngati n'kotheka, ndalama za gulu zisakhalenso pa nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba imene makasitomala a okala amatumizapo.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchiyang'ane nokha m'mafayilo a masetingiwo, osangodalira mnyamatayo. Mu hledger mungathe kulemba, pambuyo pa ndalama ya tsikulo, chizindikiro cha = ndi ndalama imene mwawerenga ndi manja mu kabati, mwachitsanzo = 85000 MWK. Ngati buku silikugwirizana ndi kabati, pulogalamuyi imakana kutulutsa lipoti mpaka mutakonza. Achinyamata ena zimenezi zimawatopetsa, ndiye amaika -I mu hledger.conf kuti pulogalamu isiye kudandaula. Mukaipeza -I imeneyo muichotse. Muziwerenga kabati madzulo alionse musanatseke okala, ndipo za kabaza muzilemba pamene anyamata akupereka ndalama ya tsikulo, mafuta ndi zokonzetsa njinga zili pa mzere wawowawo, kuti mudziwe ngati njinga iliyonse ikudzilipira yokha kapena ikudyera okala.

Mafoda anayiwo muziwakopera pa fulashi kamodzi pa sabata, ndipo fulashiyo isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Lembani mabuku onse anayi kwa miyezi itatu, kenaka mundilemberenso ndi chiwerengero cha ndalama zimene zadutsa pa akaunti ya kusamutsa, kuti tione malipiro amene okala yanu ingakwanitse kukupatsani.