Bwanji Save the Children ili ndi mayina ambirimbiri?

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji pena mumaona Save the Children, pena Redd Barna, pena Rädda Barnen, ndipo mukuti kodi si anthu ongoberana dzina? Ayi ndithu, onsewa ndi mabungwe othandiza ana a mtundu umodzi, kungoti khomo lililonse lili ndi nkhokwe yake. Gwero lake ndi nkhondo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu November 1918, Britain ndi mayiko anzake sanatsegule msanga njira za panyanja zolowera ku Germany ndi Austria. Chakudya chinasowa, ana ku Vienna anawonda mpaka nthiti kuwerengeka. Mayi wina wa ku England, Eglantyne Jebb, anaima pa Trafalgar Square ku London n'kumagawa timapepala tokhala ndi chithunzi cha mwana wofooka ndi njala. Anamugwira, khoti n'kumulipitsa mapaundi 5. Mu May 1919 iye ndi mng'ono wake Dorothy Buxton anakhazikitsa Save the Children Fund pa msonkhano wa ku Royal Albert Hall. Tangoganizani, kupempha ndalama kwa makolo amene ana awo angofera kunkhondo, kuti akadyetse ana a adani omwewo!

Apa ndi pamene nthambi zinayambira. Munthu satulutsa ndalama yake kwa mlendo wa kutsidya kwa nyanja, amapereka kwa wakwawo, wolankhula chinenero chake, amene angathe kumufunsa kuti ndalama ija yapita kuti. Choncho ku Sweden anayambitsa yawo, Rädda Barnen, kutanthauza Save the Children m'chinenero chawo, chaka chomwecho cha 1919. Papa Benedict XV nayenso anapempha kuti matchalitchi atolere chopereka cha ana pa 28 December. Mu 1920 anakhazikitsa mgwirizano wa mabungwewa ku Geneva. Njala itagwa ku Russia mu 1921, anatsegula malo ophikira ana chakudya ku Saratov, ngakhale ambiri ku Britain ankadana ndi boma la chikomyunizimu.

Nthambi ya ku America, ya 1932, sinayambe ndi ana akunja ayi. Inayamba ndi ana a anthu okumba malasha ku Harlan County, ku Kentucky, chuma chitagwa. Nkhondo yachiwiri ili pafupi kutha kunabadwanso Red Barnet ku Denmark mu 1945, ndipo itatha kunabadwa Redd Barna ku Norway mu 1946.

Koma ine sindinganene kuti njirayi inali yopanda chilema. Kwa zaka zambiri dziko limodzi lolandira thandizo linkatha kukhala ndi nthambi ziwiri kapena zitatu, iliyonse ndi ofesi yake, magalimoto ake, bwana wake, pomwe ana othandizidwa ndi omwewo. Cha m'ma 2010 ndi pamene anagwirizana kuti ntchito ya m'mayiko ena iziyendetsedwa pamodzi pansi pa Save the Children International. Kutolera ndalama kokha ndiye aliyense amachitabe kwawo, m'dzina lakwawo.